Umbanda mu Blantyre: wokuwerengerani manambala, mufunseni adawatenga kuti



M'bale wanga ndi mlongo wanga wa mu Blantyre, m'masiku a kampeni ano mumva maulaliki awiri okhudza chitetezo. Wina adzakwera pansanja ku Njamba nadzakuuzani kuti umbanda watsika ndi maperesenti akutiakuti, choncho mumuthokoze ndi voti. Mnzake adzakwera pansanja yomweyo sabata yotsatira nadzalumbira kuti mzindawu sudaonepo umbava wotere chikhalire, ndipo mankhwala ake ali m'thumba mwa iye yekha. Onse awiri adzaomberedwa m'manja, mwinanso ndi anthu omwewo. Ine ndikuti onse awiri muwakayikire, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake musanalowe m'kachipinda koponyeramo voti.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Usiku wina m'mwezi wa Ramadhan akuba adathyola zenera la chipinda chimene timaphunzitsiramo ana, natenga batire ya sola, chokuzira mawu ndi mikeka iwiri yatsopano. Kutacha komiti idakhala pansi. Mmodzi adati tipite kupolisi. Wina adafunsa kuti alipira ndani ulendo woti wapolisi adzaone zeneralo, nanga ndani asiya geni yake tsiku lonse kukadikira pabenchi kuti apereke sitetimenti. Palibe adayankha. Tidasonkherana, tidagula batire ina, tidaitana wowotcherera kudzaika zitsulo pazenera, nkhani n'kuthera pomwepo. M'mabuku a boma a chaka chimenecho, madrasa yathu idagona mwamtendere miyezi yonse khumi ndi iwiri.

Chiwerengero chimene wandale amakuwerengerani sichinena kuchuluka kwa milandu imene yachitika. Chimanena kuchuluka kwa milandu imene wina adalimba mtima kukanena, ndipo wina adavomera kuilemba. Wobedwa galimoto amakanena. Mwini sitolo ya ku Limbe amene ali ndi inshulansi amakanena, chifukwa popanda lipoti la polisi salipidwa. Wotsomphoredwa chikwama amakanena ngati munali chiphaso cha unzika kapena khadi ya kubanki. Koma mayi wa ku Bangwe amene amuanulira zovala pachingwe, mkulu wa ku Chigumula amene amukololera chimanga usiku, mtsikana amene wachitidwa chipongwe ndi wachibale, ambiri a iwo amameza malovu n'kukhala chete. Izi si maganizo anga okha. M'chaka cha 2003 ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya ku Zomba idachita kafukufuku wofunsa anthu m'makomo mwawo, osati kupolisi, ngati adachitidwapo umbanda. Idapeza kuti kuba kofala koposa m'dziko muno kudali kuba mbewu m'munda ndi kuba ziweto, ndiponso kuti milandu yambiri yotere sidafike kupolisi.

Mukamvetsa zimenezi, muona kuti nambala ikhoza kutsika pamene zinthu zikuipa, ndipo ikhoza kukwera pamene zinthu zikukonzeka. Anthu akataya chikhulupiriro amaleka kukanena, nambala n'kutsika, nduna n'kuitanitsa atolankhani. Pamene ofesi yothandiza ozunzidwa papolisi yapeza wapolisi wachifundo amene amamvetsera amayi ndi ana mopanda kuwanyoza, amayi amauzana, milandu ya nkhanza yolembedwa n'kuchuluka, otsutsa boma n'kuyamba kulira kuti dziko laola. Woyambayo akunyadira kutaya mtima kwanu. Wachiwiriyo akudandaula ndi chinthu chimene chikadayenera kumukondweretsa.

Palinso masamu ena amene mwana wa Sitandade 7 angawathe koma pansanja samveka. Kalembera wa anthu wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 109,000 mu mzinda wa Blantyre. Mu 1987 adali pafupifupi 333,000, mu 1998 adapitirira pang'ono 500,000, ndipo mu 2018 adafika pafupifupi 800,000. Kuchokera 1987 kufika 2018 mzinda udakula koposa kawiri. Ndiye kuti ngakhale chiopsezo cha munthu mmodzi chikadakhala chimodzimodzi zaka zonsezo, nyumba zothyoledwa zikadachuluka koposa kawiri, chifukwa nyumbazo ndi anthu ake zachuluka. Wokuuzani kuti milandu yachuluka kuposa kale, osakuuzani kuti ndi milandu ingati pa anthu 100,000 aliwonse, ali ngati wogulitsa nyemba amene akukutchulirani mtengo koma akubisa kukula kwa mbale yoyezera.

Chinyengo chachitatu ndi kuthira milandu yonse mumphika umodzi n'kuutcha "umbanda". Akuluakulu a fiqh sadachite zimenezo. Adasiyanitsa mlandu wokhudza moyo ndi thupi la munthu, mlandu wa kuba mobisa, ndi mlandu wa kulanda ndi zida panjira, ndipo uliwonse adaupatsa umboni wake ndi chilango chake. Adadziwa kuti wothyola khola la nkhuku ndi wokhapa mnzake ndi chikwanje si munthu mmodzi, ngakhale onse ali olakwa.

Milandu ya katundu imayenda ndi mtengo wa chimanga ndi mtundu wa katundu amene ali m'manja mwa anthu. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula sopo ndi mafuta ophikira adamva kulemera kwake. Nthawi yotere waya wamagetsi, mita ya madzi, ngakhale chivundikiro chachitsulo cha ngalande zimasanduka ndalama. Komanso mu 1990 palibe akadakutsomphorani foni pa Wenela, pakuti munalibe foni m'thumba mwa munthu. Kunalibe timabenchi ta osinthitsa ndalama za pafoni m'mbali mwa msewu uliwonse, kunalibe njinga zamoto za kabaza zochuluka chonchi zoti chigawenga chizisirire. Katundu wopepuka, wodula ndi wosavuta kugulitsa wachuluka, ndipo akuba atsatira katunduyo. Milandu ya magazi ili ndi mizu ina: mfuti ndi zikwanje, mowa, nkhanza za m'banja, mphekesera, ndi anthu akuluakulu otchinjiriza anyamata awo. Mzere umodzi ukhoza kukwera pamene winawo ukutsika. Ngati mufuna nambala imodzi yoyandikira choonadi, funsani ya anthu ophedwa, chifukwa mtembo ndi wovuta kubisa kuposa foni yobedwa. Koma ndiyo nambala imene simudzaimva kawirikawiri pamsonkhano.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikudziwa kuti ikhumudwitsa ena mwa akuluakulu anga, amene ndimawalemekeza. Amati nthawi ya Kamuzu tinkagona zitseko zili pululu. Sindikuwatsutsa kuti akunama. Ambiri adayendadi usiku kuchokera ku Ndirande kupita ku Ginnery Corner opanda wowaopseza. Koma funsani akuluakulu a ku Chilobwe. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makomboni a mzinda uno, mwankhanza zosaneneka. Mantha adagwira mzinda wonse, ndipo mphekesera idafala yoti boma likupopa magazi a anthu kuti likabweze ngongole ku South Africa. Pamapeto pake munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa adavomera kupha ena mwa anthuwo, ndipo nduna Gomile Kumtumanji adamangidwa pa milandu yokhudzana ndi nkhaniyi mpaka adafera m'ndende. Izi zidachitika mu Blantyre wa anthu ochepa uja, pansi pa dzanja lolimba lija.

Ndipo adali kuwerenga ndani masiku amenewo? Kunalibe nyuzipepala yoima payokha imene ikadalemba kuti umbava wakula. Wa Payoniya akakumenyani, kapena wachiyufi akakubwezani pachipata cha msika chifukwa mulibe khadi ya chipani, sudali mlandu wolembedwa m'buku lililonse. A Mboni za Yehova adawotcheredwa nyumba, adamenyedwa, nathawira kunja kwa dziko mu 1967 ndi 1972. Chikhulupiriro chawo si chathu, koma magazi awo ndi magazi a ana a Adam, ndipo sadalowe m'chiwerengero cha umbanda cha zaka zimenezo chifukwa wochita nkhanzayo ndiye adali wosunga buku. Bata limene timalikumbuka lidalipo, koma gawo lina la batalo lidali kusowa kwa wolankhula.

Musaganize kuti ndikuyeretsa zaka za ufulu. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zidawoloka malire pamtengo wotsika. Mu Disembala 1993 asilikali adalanda zida a Payoniya pa ntchito ija idatchedwa Bwezani, ndipo ena a iwo adathawira ku Mozambique. Zaka zotsatira, mzinda uno udaphunzira mawu oti kuba ndi mfuti. Mipanda ya njerwa idakwera ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe, makampani a alonda adachuluka, ndipo m'makomboni, momwe mulibe ndalama ya mlonda, anthu adayamba kuyenda usiku ndi zibonga ndi mawezulo. Ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera idayamba mu 1997 chifukwa boma lidaona kuti lokha silikwanitsa. Pambuyo pake kudabwera ulamuliro umene udalamula apolisi kuti aziwombera mbava kuti zife, ndipo ambiri adaomba m'manja. Ulamuliro womwewo udaona anyamata a chipani cholamula akuzungulira m'misewu ya Blantyre pa galimoto, zikwanje zili m'manja, pa 19 Julaye 2011. M'zionetsero zimene zidayamba tsiku lotsatira, pa 20 Julaye, anthu 20 adafa m'dziko muno, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Mfuti imene mwailola kuwombera wopanda kuzengedwa mlandu sifunsa ngati ali wakuba kapena wochita zionetsero. Palibe chipani chimene chidalamulapo dziko lino chimene chingaimirire pamaso panu ndi manja oyera pa nkhani iyi, ndipo n'chifukwa chake sindikukutchulirani choti muchivotere.

Chimene ndikulimbana nacho ndi lonjezo la dzanja lolimba, chifukwa ndilo limagulika msanga kwa munthu amene wangobedwa kumene. Ndikuudziwa mkwiyo umenewo. Ndidaumva m'mawa uja nditaona zenera lothyoka. Koma taonani momwe dzanja lolimba limagwirira ntchito likafuna kuonetsa manambala. Apolisi amasesa m'misewu usiku, nalengeza kuti agwira anthu mazana. Mu Malichi 2015 wogulitsa majumbo dzina lake Mayeso Gwanda adagwidwa m'bandakucha ku Chichiri ali pa ulendo wopita kumsika wa Limbe, pa mlandu wongoyendayenda popanda chifukwa. Adakasuma, ndipo mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene adamumangira, ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Dzifunseni kuti amayenda m'bandakucha ndani mu mzinda uno. Ndi mayi wopita kukapikula tomato, mlonda woweruka kuntchito, kondakitala wa minibasi, ndi inu amene mukupita kumzikiti kukaswali Fajr. Chiwerengero cha ogwidwa chimakwera, wothyola nyumba weniweni ali m'tulo kwawo, ndipo ndende ya Chichiri, yodzaza kale kupyola muyeso wake, imalandira mnyamata wina amene adzatulukamo atadziwana ndi akatswiri a umbava.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi phunziro pano limene timakonda kulidumpha. Khalifa Umar, Allah asangalale naye, sadali munthu wofewa. Dzina lake lokha linkaopsa. Koma m'chaka cha njala yaikulu ku Madina sadapereke chilango cha kuba kwa anthu amene adaba chifukwa cha njala. Ndiponso ankayenda yekha usiku m'misewu kuti aone ndi maso ake momwe anthu akugonera. Amene amatchula chilango cha Shariya ndi mawu okweza, koma osatchula umboni wovuta umene chimafuna, kapena udindo wa wolamulira woonetsetsa kuti anthu adya, watenga theka la chiphunzitso n'kutaya theka linalo.

Apa ndiye ndikutembenukira kwa ife eni. Mu mzinda uno munthu akakuwa kuti "wakuba!" pamsika, pasanathe mphindi khumi pamakhala miyala, tayala ndi petulo. Ena mwa oponya miyalayo amakhala atavala zikofiya. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idachokera ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre, ndipo anthu adaphedwa ndi magulu a anzawo, ena mumzinda momwemuno, pa chinthu chimene palibe adachionapo. Ndi mphekesera yomwe ija ya magazi ya nthawi ya Chilobwe, itangovala malaya ena. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Qur'an, mu Surat Al-Hujurat, imatilamula kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu, kuopa kupweteka anthu mwaumbuli n'kudzanong'oneza bondo pambuyo. Palibe madh'hab imene imapereka kwa gulu la pamsika mphamvu ya Qadhi. Ndipo onani chimene timachita ku manambala aja: foni yabedwa, umene ndi mlandu wa katundu, ife tawotcha munthu, tausandutsa mlandu wa magazi. Kenaka madzulo ake timakhala pakhonde n'kumadandaula kuti kuphana kwachuluka mu Blantyre.

Mudzandiyankha kuti anthu amatero chifukwa wakuba akaperekedwa kupolisi, mawa amamuona akuyenda. Dandaulo limenelo ndi loona, ndipo ndilo liyenera kupita nanu kukavota. Belo ndi ufulu wa woganiziridwa, ndipo malamulo amati wogwidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Vuto limakhala pamene fayilo yasowa, mboni yatopa ndi kuyimitsidwa kwa mlandu, galimoto ya polisi ilibe mafuta, kapena wina walandira kenakake. Zonsezi zili ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo maina awo ali pa pepala lovotera. Kumbukiraninso kuti kuba kwakukulu koposa kumene dziko lino lidaona m'zaka zapitazi sikudachitike ku Mbayani kapena ku Ndirande. Kudachitika m'maofesi a ku Capital Hill mu 2013, pamene mabiliyoni a kwacha adatuluka pa makompyuta a boma kulipira katundu amene sadaperekedwe. Mu Julaye 2015 Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lolimbana ndi ziphuphu, adaphedwa ku Lilongwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndalama zobedwa mwanjira imeneyo ndizo mafuta a galimoto ya polisi imene sidabwere usiku umene mudaimba foni.

Tsono wofuna voti yanu akabwera, musamufunse ngati amadana ndi umbanda, pakuti palibe adzati amaukonda. Wofuna upulezidenti ndiye adzasankha mkulu wa apolisi, Nyumba ya Malamulo n'kumuvomereza. Mufunseni ngati adzalamula kuti ziwerengero za milandu zizisindikizidwa chaka ndi chaka, polisi iliyonse payokha, Limbe payokha, Ndirande payokha, milandu ya magazi kwina, ya katundu kwina, pamodzi ndi kuchuluka kwa anthu a dera lililonse, kuti munthu wamba athe kuyerekeza zaka khumi popanda kudalira pakamwa pa mneneri wa boma. Mufunseni ngati adzapereka ndalama zoti kafukufuku wofunsa anthu m'makomo azichitika kawirikawiri. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho simukupempha chifundo. Wofuna uphungu mufunseni za bajeti ya apolisi ndi mabwalo a milandu, komanso za bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene lamulo la 2010 lidakhazikitsa koma lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito. Ngati sadziwa n'komwe kuti bungwelo lilipo, mwamva yankho lake.

Ndikhalitse pang'ono pa khansala, chifukwa ndiye timamupeputsa. Dziko lino lidakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo ambiri tidazolowera kuganiza kuti mpando umenewo ndi wa maliro ndi zikwati. Koma magetsi a mumsewu, dongosolo la misika ndi madepoti, malayisensi a malo omwera mowa ndi maola ake otsekera, tchire la m'mbali mwa njira, mlatho wa anthu oyenda pansi umene mtsikana wanu amadutsa pochokera kumadrasa dzuwa litalowa, zonsezi ndi za khonsolo. Babu limodzi loyaka pa mlatho limateteza anthu ambiri usiku uliwonse kuposa mawu onse aukali a pansanja. Mufunseni wofuna ukhansala kuti m'wodi yanu muli malo angati amdima amene anthu amaopa kudutsa. Ngati amakhaladi m'deralo adzawatchula maina osaganiza kawiri.

Ndipo yang'anani amene wamuzungulira. Wandale amene amayenda ndi anyamata oledzera, amene amawapatsa ndalama kuti akasokoneze msonkhano wa mnzake, akuphunzitsa ntchito anthu amene adzakuchingamirani panjira chisankho chikatha, malipiro atauma. Chikwanje chogulidwira kampeni sichibwezedwa kusitolo mavoti akawerengedwa. Ena mwa anyamatawo adadutsa m'manja mwathu, tidawaphunzitsa alif ndi baa, ndipo ndikawaona pamwamba pa lole mtima umandiwawa kuposa momwe udawawira pa batire ija.

Kumadrasa kwathu tidagula kope la masamba 96. Aliyense wa m'jamaa amene wabedwa, wamenyedwa kapena waopsezedwa amalembetsa tsiku, malo ndi chimene chachitika, ndipo wina wa m'komiti amamuperekeza kupolisi kuti mlanduwo ulowenso m'buku la boma, ngakhale katunduyo akhale nsapato zobedwa pakhomo la mzikiti tsiku la Ijumaa. Ofuna ukhansala m'wodi yathu tawaitana onse tsiku limodzi pambuyo pa swala ya Asr, ndipo kopelo lidzakhala patebulo.